Mkangano wa Masewera Umene Unandithyola Chala

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni ine ndisanabadwe. Pobwerera kwathu ku Bwanje anabwera ndi njinga, bulangete lolemera, chipewa cha khonde ndi mphuno yokhotera kumanzere. Njinga inatha, bulangete linadyedwa ndi makoswe, chipewa anachiiwala pamaliro ena, koma mphunoyo inakhalapobe, ndipo ndi imene inkawapezetsa ulemu. Ankati inakhota pa nkhonya. Lamlungu lililonse, akuti, ku komboni ya mgodi ankamanga zingwe pabwalo, amuna n'kumaswana anzawo akuonerera, ndipo iwo ndi amene ankaimira anthu onse a kuno kwathu. Ndili mwana ankati anagwetsa amuna anayi. Pamene ndinkakwatiwa anali atafika asanu ndi awiri. Chaka chimene ndikunenachi anali atakwana khumi ndi mmodzi, chonsecho amalumewo anali asanachokenso pamudzi.

Amuna anga nawonso anali ndi mbiri yawo. Ali mnyamata anali goloboyi wa timu ya m'dera lathu, ndipo tsiku lina ku Manjawira anagwira penate. Penate imodzi yomweyo ndinaimva zaka makumi awiri: mmene mphepo inkawombera, mmene womenyayo anawayang'anira, mbali imene anadziponyera. Za zigoli zisanu zimene anawachinya tsiku lomwelo ndinachita kumva kwa alamu anga.

Ine ndinasewera ntchemberembaye kuyambira ku pulayimale mpaka mimba ya mwana woyamba, ndipo malo anga anali pakati, posenta. Za zimenezo pakhomo panalibe wondifunsa.

Mkanganowo unayambira ku chigayo cha mpunga, mwezi wa Okutobala. Tinali titasunga matumba angapo kudikira kuti mtengo ukwere, ndiye tsikulo tinawamangirira panjinga m'mamawa, ine ndi amuna anga, kukapunthitsa. Amalume tinawapeza komweko ndi thumba lawo limodzi. Titangofola pamzere, magetsi thi! Mwini chigayo anati ayaka posachedwa, mawu amene kwathu amatanthauza ola limodzi kapena mawa. Tinakhala pamatumba athu pansi pa mtengo wa mango, anthu ngati makumi awiri, amuna mbali yawo, akazi mbali yathu. Koma mthunzi unali umodzi, choncho mawu ankadutsa.

Wina anatsegula wailesi ya pafoni, ikukamba za mpira wa dzulo lake. Amuna anga anapukusa mutu n'kunena kuti anthu amangotukwana osewera, osadziwa kuti padziko pano palibe masewera ovuta kuposa mpira wamiyendo.

Amalume anatsokomola.

"Akamwini, mwati chiyani?"

Apa ndifotokoze kuti amalumewa ndiwo anali ankhoswe a ukwati wathu. Mkamwini wanzeru satsutsa nkhoswe ya mkazi wake pagulu, chifukwa sadziwa tsiku limene adzakhale pamphasa pamaso pake. Amuna anga anayamba kubwerera m'mbuyo.

"Ayi apongozi, ndimangoti mpira ndi wovutirako."

"Wovutirako kuposa chiyani? Anthu khumi ndi mmodzi kuthandizana kuthamangitsa chikopa chimodzi! Ukatopa umapatsira mnzako. Ukagwa amaimba wezulo, wina n'kubwera ndi madzi akuthamanga. Pa nkhonya ukatopa upatsira ndani? Ukagwa amayamba kukuwerengera uli chigonere, ndipo amene wakugwetsayo akungodikira kuti udzuke akugwetsenso."

"Simunama, apongozi, simunama ayi," anatero amuna anga, momwe amayambira nthawi zonse akafuna kutsutsa munthu. "Kungoti nkhonya n'zamphindi zitatu, kenako mumakhala pampando wina akukupizirani mphepo ndi thaulo. Ife timatha ola ndi theka dzuwa lili paliwombo."

"Ife ndani? Inu munali goloboyi. Munkaima pamthunzi wa mtanda wa golo n'kumaonerera anzanu akuvutika."

Anthu anaseka, ndipo kusekako kunatsegula pakamwa pa aliyense. Bambo wina wa kabaza anati masewera ovuta ndi a njinga, ndipo amene akukana ayese kukwera chitunda cha ku boma ndi matumba atatu. Anamuuza kuti imeneyo ndi ntchito, si masewera, popeza palibe amamuombera m'manja. Aphunzitsi ena opuma anati ndi bawo, chifukwa imatopetsa mutu. Amalume anawafunsa ngati anamvapo za munthu wotengeredwa kuchipatala chifukwa cha bawo. Dzuwa linakwera, nkhuku zikujompha mankhusu m'mapazi mwathu, ndipo amuna amene sakanatha kuthamanga kukafika pamjigo anali akugamula za mapapo a anthu othamanga.

Ine ndinapirira mpaka cha m'ma leveni. Kenako pakamwa panangotseguka pokha.

"Nanga ntchemberembaye?"

Amuna onse anangoti phwete kuseka. Tsiku lonselo amalume ndi amuna anga anali asanagwirizane pa chilichonse, koma apa anaseka mpaka kugwirana mapewa.

"Iwe mphwanga," anatero amalume akupukuta misozi, "ife tikukamba za masewera."

"Amayi, zijatu n'kuponyerana chabe," anawonjezera amuna anga. "Wagwira, waima, waponya. Mpaka kuthamanga ndi mpira amaletsa. Munaonapo kuti masewera oletsa kuthamanga?"

Pafupi nane panali mnzanga wa kuubwana, mayi wamtali, wathupi, amene amakazinga mandasi pamsika komanso amatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu. Kusukulu ndiye anali womwetsa zigoli wathu. Anadzuka pathumba pake, n'kumanga bwino chitenje.

"Ngati n'kuponyerana chabe, bwerani Loweruka pabwalo la sukulu. Inu asanu ndi awiri, ife asanu ndi awiri. Tidzaponyerane."

Mwamuna sangakane zotere pamaso pa anthu makumi awiri. Amuna anga anavomera, koma anaika lawo: Loweruka linalo akazi tidzasewere nawo mpira wamiyendo. Anzanga asanaganize n'komwe, ine ndinali nditayankha kale kuti tavomera, ndipo pagolo ndidzakhalapo ndine, ndikaone mthunzi wa mtandawo. Amalume anati Loweruka lachitatu likhale la nkhonya, aliyense wodzimva adzalowe m'zingwe. Magetsi anayaka cha m'ma fili, tonse n'kuthamangira pamzere.

Ife tinayeserera masiku atatu tikaweruka kukwaya. Ndisanamize munthu, sitinalinso atsikana. Mawondo ankalira ngati zitseko, ndipo mmodzi wa ife ankaima pakati pa masewera kuti akayamwitse. Koma mapazi anali asanaiwale. Amuna sanayeserere ngakhale kamodzi. Ankati munthu atawaona akuyeserera ntchemberembaye angachite manyazi mpaka imfa.

Loweruka, thuu koloko masana, pabwalo panadzaza. Amene akudziwa Bwanje mu Okutobala akudziwa kuti nthawi imeneyo ngakhale agalu sayenda, koma anthu anachoka mpaka kutsidya kwa sikimu yathu ya mpunga, ena panjinga, ena wapansi. Woimbira anali mphunzitsi wachitsikana wa pasukulupo, wamfupi, wosaseka. Anayamba kufotokoza malamulo, amuna n'kumuuza kuti asadzivute.

Amalume, atapitirira kale zaka makumi asanu ndi limodzi, anakana kukhala pansi. Anati munthu wa nkhonya sakalamba. Anabwera atakulunga nsanza m'manja monga ankachitira ku Joni, n'kusankha kutchinga mnzanga wa mandasi uja pansi pa golo. Amuna anga anatenga pakati, kuti ayang'anane ndi ine.

Mpira woyamba umene unawafika amuna anga, anaulumphira, n'kuukumbatira pachifuwa, n'kugwa nawo pansi monga goloboyi. Wezulo. Wachiwiri anaugwira bwino, n'kuyenda nawo mapazi atatu. Wezulo. Wachitatu anaima chilili monga lamulo likunenera, n'kuyamba kuyang'ana woti amupatsire, akuganiza mofatsa ngati akusankha mbewu. Wezulo, mwausunga nthawi yaitali. Bambo wa kabaza uja ankathamanga bwalo lonse, osadziwa kuti aliyense ali ndi malire ake, ndipo mphunzitsiyo anamubweza kambirimbiri mpaka anasiya kumuimbira wezulo, n'kumangomulozera ndi chala.

Chimene amuna sankadziwa n'chakuti kuthamanga aliyense amatha. Chovuta n'kuima. Uthamange ndi mphamvu zako zonse, ulumphe, ugwire, ndipo pamene phazi lagunda pansi, ufere pomwepo, thupi lonse likufunabe kupitirira. Kenako uponye, uyambirenso. Mphindi khumi zisanathe, malaya a amuna anga anali atamatirira kumsana. Anandiyandikira ngati akunditchinga, n'kunong'ona.

"Amayi, chepetsaniko liwiro. Kunyumbatu tibwerera limodzi."

"N'kuponyerana chabe, abambo," ndinatero, n'kuwazemba.

Kumbuyo kuja amalume anali atakunga zibakera patsogolo pa nkhope, akuwerama n'kuweramuka, akuzungulira mnzanga uja ngati tambala. Iye ankangowayang'ana, n'kukweza mpira pamwamba pa mutu wawo, n'kuuponya m'golo. Atamugunda paphewa, wezulo inalira, ndipo anauzidwa kuti aime pambali pake osagwedezeka mpaka ataponya. Anaima ngati mwana wolangidwa, akufunsa anthu kuti masewera ake ndi otani oti mdani wako ukamukhudza umapepesa.

Chigawo chachiwiri chili mkati, amalume anaganiza zolumpha. Analumphadi, pang'ono, koma potera bondo linakana. Anakhala pansi mwakachetechete, n'kunena kuti akufuna aone kaye mmene masewera akuyendera. Amuna awiri anawanyamula kupita nawo pamthunzi, ndipo enawo anapezerapo mwayi wowaperekeza onse. Sanabwererenso. Masewera anathera pomwepo, ife khumi ndi zinayi, iwo ziwiri, ndipo chimodzi mwa ziwirizo mphunzitsi uja anachita kuwamvera chisoni.

Pofika Lamlungu zifukwa zinali zitapsa. Malamulo ndi ochuluka kuposa a m'buku la Levitiko. Woimbira anali wamkazi. Mpira unali wopepuka kwambiri kwa manja a amuna. Dzuwa linkawomba mbali yawo yokha.

Tsopano ndinene za ine, chifukwa si bwino kumangoulula za anzako. Sabata imeneyo ndinadzikuza. Ndinkayenda m'mbali mwa ngalande ngati sikimu yonse ndi ya bambo anga. Amuna anga akapempha madzi osamba ndinkawafunsa ngati akufuna ofunda, poti minofu ya anthu oponyerana imafuna kuthowa. Kukwaya tinkayamba ndi kukambirana zigoli, nyimbo pambuyo. Za mpira wamiyendo sitinayeserere. Tinkati ngati amuna amautha, ungavute pati?

Loweruka lachiwiri anthu anachuluka kuposa poyamba. Ndinavala buluku la mwana wanga wamkulu mkati mwa chitenje, n'kukaima pagolo. Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti mtanda uja mthunzi wake ndi wopyapyala ngati chingwe. Chachiwiri n'chakuti golo ndi lalikulu. Ukamaonerera uli kunja limaoneka ngati khomo la nyumba, koma ukaimapo wekha limakhala ngati munda.

Bwalo nalonso linatikulira. Anzanga anathamanga bwino mphindi zoyamba, kenako anayamba kuyenda, kenako kuima manja ali m'chiuno n'kumakuwirana kuti wina apite. Mpira ukabwera, mwendo unkafika mochedwa. Amuna, amene sabata yatha ankatsimphina, anali atachira onse. Zigoli ziwiri zinandidutsa ndisanaone n'komwe kumene zachokera. Kenako mpira wina unabwera m'mwamba kutsogolo kwa golo langa, ndipo mnzanga wa mandasi, mwa chizolowezi chake, anaudumphira n'kuugwira ndi manja awiri, n'kuima bwinobwino osasuntha phazi. Penate.

Anthu anakuwa kuti penateyo aimenye amuna anga. Iwo anakana. Anati sangamenye mpira kulunjika mayi wa ana awo, ndipo anaupereka kwa bambo wina wamiyendo ngati mitanda ya denga, amene amatsegula madzi m'ngalande za kusikimu. Kenako anazungulira, n'kudzaima kuseri kwa golo langa.

"Amayi, musamuyang'ane m'maso, maso amanama," anatero chapansipansi. "Yang'anani phazi loponda. Kumene laloza n'komwe upite."

"Inu muli mbali iti kodi?"

"Yang'anani phazi!"

Sindidzaiwala kachetechete wa nthawi imeneyo. Anthu onse aja, ndipo amene akudikira kulakwa ndi iwe wekha. Ndinaona phazi, linaloza kumanja kwanga, ndinadziponya nditatsinzina. Ndinamva ngati wina wandimenya dzanja ndi mpini. Nditatsegula maso, mpira unali ukugubuduka kunja kwa golo, akazi akulira nthungululu, amuna anga akudumpha ngati agoletsa ndi iwo, ndipo chala changa cha mkombaphala chinali chitaloza kumene chala sichiloza.

Tinagonja ndi zigoli zisanu ndi chimodzi kwa duu. Ndikamakamba nkhaniyi kwa anthu, nthawi zambiri mbali imeneyi ndimaiiwala.

Lolemba amuna anga anandikweza panjinga kupita kuchipatala cha ku Sharpevale, chala chitatupa ngati chinangwa. Pabenchi ya odikira tinapeza amalume, bondo lili m'bandeji, ndodo ili pambali. Amuna anga atapita kukasaka madzi akumwa, tinatsala awiri, wina atanyamula dzanja, wina atatambasula mwendo. Amalume anayang'ana chala changa nthawi yaitali.

"Unachita mantha?" anafunsa.

"Kwambiri, amalume."

"Eya. Ndiye wadziwa." Kenako anati, "Ine m'zingwe muja ndinalowamo katatu."

"Katatu pa sabata?"

"Katatu basi. Ndipo katatu konse wogwa ndinali ine. Woyamba anali Msutu wina wamfupi, ndinkamuderera. Mphunoyi ndi ntchito yake. Sindinamalize naye ngakhale mphindi ziwiri."

Ndinafunsa chifukwa chimene anabwererako kachiwiri ndi kachitatu ngati zinali choncho.

"Pansi pa mgodi, mphwanga, munthu unali nambala. Kapitawo ankaitana nambala, malipiro nambala, ukafa amalemba nambala. Koma ukalowa m'zingwe, anyamata a kwathu onse ankaimirira n'kumakuwa dzina lako lenileni, ndi la mudzi wako. Ndinkadziwa kuti ndikukagwa. Kuchoka kuchipinda kukafika pazingwe panali ngati apa ndi pamsewu apo, koma miyendo inkalemera ngati ndasenza thumba. Kumenyedwa sikunali kovuta. Kovuta kunali kuyenda kumeneko."

Namwino anaitana wotsatira. Amalume anagwira ndodo, n'kudzuka movutikira, n'kunditembenukira.

"Akamwini asamve zimenezi. Angayambe kundiyankha pamilandu."

Sindinawauze. Amalume anatisiya chaka chatha, ndipo n'chifukwa chake ndikutha kulemba izi. Amuna anga akawerenga adziwira pomwepa.

Munthu angaganize kuti pambuyo pa mawu amenewo nkhani ya nkhonya inatha. Ayi. Loweruka lachitatu amalume analawirira kubwalo la sukulu, n'kuzika nsungwi zinayi, n'kuzunguliza chingwe. Anaika mpando pakona, n'kukhalapo, nsanza zili m'manja, bondo lili m'bandeji. Anthu anabwera ndithu, chifukwa tinali titazolowera kuti Loweruka kumakhala zoseketsa. Amalume anaitana amuna mmodzimmodzi. Wa kabaza anati ali ndi kasitomala. Wotsegula madzi anati dzanja lake ndi la boma, silingavulale. Amuna anga anati sangakweze dzanja pa apongozi, ndipo aka kanali koyamba mwambo kuwapulumutsa. Zoona zake n'zakuti panalibe munthu wofuna kutchuka kuti anamenya nkhalamba yothyoka bondo, komanso panalibe wofuna kutchuka kuti anamenyedwa nayo.

Patapita ola, gulu linapatuka. Anali akazi awo a amalume, mayi wochepa thupi, wosalankhulalankhula, amene anali asanabwereko ku masewera onse awiri aja. Anayenda molunjika, n'kuwerama, n'kulowa m'zingwe. Bwalo lonse linaphulika. Ena anayamba kuimba, ena kukweza mafoni kuti ajambule. Amalume anaimirira, osadziwa kuti manja awaike pati.

Mayiwo sanayang'ane munthu. Anapita pansungwi yoyamba n'kuyamba kumasula mfundo.

"Chingwechi n'cha mbuzi," anatero. "Mwazimasula m'mawa, pano zili m'dimba la eni ake zikudya mpiru. Tiyeni mukazitulutse."

Anakulunga chingwe chonse pamkono, nsungwi n'kutsala zili njo. Amalume anatola ndodo yawo, n'kuyang'ana gulu lonse, n'kukweza dzanja lokulunga nsanza lija.

"Mwaona nokha," anatero. "Ntchemberembaye mwasewera. Mpira mwasewera. Nkhonya palibe mwamuna ndi mmodzi yemwe walimba mtima. Nkhani yatha."

Kenako anatsatira akazi awo kulowera kudimba, akutsimphina, akuwapempha kuti ayendeko pang'onopang'ono.